Kukaona malo kuchokera ku Lilongwe: Dedza ndi Mua, Nkhotakota, Kasungu kapena Liwonde?

Munthu wokhala mu Lilongwe ali pamphambano yabwino. Akatsata msewu wa M1 kummwera afika ku Dedza pasanathe maola awiri. Wa M14 umutsitsira kunyanja ku Salima, wa M12 ukamusiya pachipata cha Mchinji, ndipo M1 womwewo kumpoto ukamufikitsa ku Kasungu. Kulikonse kuli choona: zojambula za makolo pamatanthwe, njovu, mamishoni akale, mapiri amene anthu amakwera kukapemphera. Chimene chimaononga maulendo ambiri ndi kufuna kumaliza zonsezi pa Loweruka ndi Lamlungu limodzi. Anthu amathera tsiku m'galimoto, kufika kunkhalango dzuwa lili paliwombo nyama zitabisala m'mithunzi, kenako kubwerera usiku pamsewu wodzaza ndi njinga zopanda nyale.

Choncho musanasankhe malo, dziwani masiku amene muli nawo, mwezi umene mukuyenda, ndi galimoto imene mukwere. Zitatuzi ndi zimene zikuuzeni kolowera.

Njira yozungulira: Dedza, Golomoti, Mua, Salima

Kwa amene ali ndi masiku awiri kapena atatu ndi galimoto wamba, njira iyi ndiyo imabweza kwambiri ndalama ya mafuta. Mumachoka pa M1, n'kubwerera pa M14, osaponda msewu umodzi kawiri, ndipo ulendo wonse ndi makilomita oposa pang'ono 300.

Poyambira ndi Chongoni, makilomita pafupifupi 80 kuchokera mumzinda. Dera limeneli linalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse m'chaka cha 2006, ndipo muli malo 127 okhala ndi zojambula. Zojambulazo ndi za mitundu iwiri, ndipo mukadziwa kusiyana kwake thanthwe limayamba kumveka. Zofiira, zokhala ndi mizere, timadontho ndi zozungulira, ndi za Akafula, alenje amene ankakhala kuno Achewa asanakhazikike. Zoyera, zopakidwa ndi dothi loyera, ndi za Achewa. Zina mwa izo ndi zilombo zotambasula miyendo ngati buluzi, zogwirizana ndi chinamwali cha atsikana, pomwe zina ndi za Nyau.

Alendo amapita makamaka malo atatu, ndipo malowa sali pamodzi. Chentcherere ndi pofikika msanga, kufupi ndi sukulu ya zankhalango ya Chongoni, ndipo kuchokera posiya galimoto ndi mtunda waufupi wapansi. Vuto lake ndi lomwelo la kufikika: anthu analembapo maina awo ndi makala ndi choko, moti zina zakale muyenera kuziyang'anitsitsa kuti muzione. Namzeze ndiye malo a zojambula za Nyau, koma pamafunika miyendo, chifukwa mumakwera phiri ndithu. Mphunzi ali kuzambwe kwa M1, kutsata msewu wafumbi wautali, ndipo kuli matanthwe angapo kuzungulira phiri limodzi, ofiira ndi oyera omwe. Ngati muli ndi theka la tsiku lokha m'chilimwe, Mphunzi ndiye woyenera mafuta anu. M'dzinja msewu wake umaterera, galimoto yaing'ono ikhoza kutitimira, ndiye bola Chentcherere.

Musapite opanda wokutsogolerani wa m'deralo. Zikwangwani n'zochepa, ndipo mapanga ena mukhoza kuwadutsa pamtunda wa mamita khumi osawaona. Mugwirizane mtengo musananyamuke. Pathanthwepo pali chizolowezi choipa chimene chiyenera kutha: kuwaza madzi pazojambula kuti zioneke bwino pachithunzi. Madziwo amasungunula dothi loyera lija, ndipo amakoka mchere wa m'mwala umene ukauma umasiya chikanga pamwamba pa utoto. Kukhudza ndi dzanja kumasiya mafuta a thukuta, ndipo moto wosonkha m'phanga umadetsa denga ndi mwaye. Zimene zakhala zaka mazanamazana zikhoza kufufutika m'manja mwa mbadwo umodzi.

Ku Dedza kumazizira. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo mu June ndi July usiku wake umafuna juzi yeniyeni. Mukagona kumeneko, m'mawa mukhoza kudzera ku Dedza Pottery kuona momwe amaumbira ndi kuwotcha makapu ndi mbale musanapitirire.

Kuchoka apo mumatsata M1 pang'ono mpaka pa Masasa, n'kukhotera kumanzere kutsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti. Msewu ndi wa tala, maonekedwe ake ndi osaiwalika, nyanja ikuoneka patali, koma ndi pomwe madalaivala osazolowera amapsetsa mabuleki. Mumatsika mamita pafupifupi 1,000 m'makona otsatizana. Mukangopondereza buleki njira yonse, mapadi amatentha, mafuta a mabuleki amawira, ndipo phazi limangolowa pansi galimoto osaima. Ikani giya yachiwiri kapena yachitatu kuti injini igwire galimoto. Ngati ndi ya otomatiki, ichotseni pa D muiike pa 2 kapena L. Mukamva fungo la chinthu chopserera, imani pamalo otakasuka mphindi makumi awiri, ndipo musathire madzi pamadisiki otentha chifukwa amapindika.

Pa Golomoti mukhotere kumpoto pa M5, ndipo posakhalitsa mufika pokhotera ku Mua. Mishoni imeneyi inayambitsidwa ndi ansembe a White Fathers mu 1902. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anthu anamupatsa mfunda wa Chisale, anayambitsapo malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli zipinda zitatu zofotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa, chinamwali, ukwati mpaka maliro, komanso mbiri ya mishoniyo. Chipinda cha Gule Wamkulu chili ndi zigoba mazanamazana, chilichonse ndi dzina lake ndi mwambo umene chimaphunzitsa. Amene mwaona zojambula zoyera ku Chongoni dzulo lake, apa ndi pomwe zimalumikizana, n'chifukwa chake ndi bwino kuyamba ndi Dedza, osati Salima. Patulani maola awiri kapena atatu, funsani musanajambule chilichonse m'katimo, ndipo imbani foni pasadakhale ngati mukufika Lamlungu kapena muli gulu la sukulu kapena la mpingo. Zosema za pa Kungoni ndi zina mwa zabwino kwambiri m'dziko muno, ndipo pali malo ogona a Namalikhate m'mbali mwa mtsinje.

Kuchoka ku Mua kupita ku Salima ndi ola limodzi. Mukhoza kugona ku Senga Bay, m'mawa n'kudzera kunkhalango ya nyama ya Kuti, n'kukwera M14 kubwerera kwanu dzuwa lisanalowe.

Opanda galimoto yawoyawo atha kuyenda njira imeneyi pa minibasi ndi kabaza wa njinga yamoto, koma awonjezere tsiku limodzi. Chigawo cha Masasa mpaka Golomoti ndiye chodikiritsa.

Ngati cholinga ndi nyama

Apa m'pofunika kunena mosabisa, chifukwa anthu ambiri amakhumudwa atapita malo abwino ndi chiyembekezo cholakwika.

Lilongwe Wildlife Centre, pakati pa Old Town ndi City Centre m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, ntchito yake ndi kusamalira nyama zovulala ndi zolandidwa kwa ozembetsa. Ndi malo abwino oyenda pansi m'nkhalango ndi ana kwa maola awiri, koma musapiteko ngati mukupita kukaona mikango. Kuti, kufupi ndi Salima, ndi kankhalango kakang'ono kopanda zilombo zolusa. Kuli mbidzi, mphalapala, nswala ndi njiri, ndipo mumaloledwa kuyenda pansi kapena kupalasa njinga. Kwa banja la ana aang'ono, kapena agogo amene sangapirire maola anayi m'galimoto, Kuti ndi wokwanira ndipo mukhoza kupita n'kubwerera tsiku lomwelo.

Wofuna njovu, mvuu ndi ng'ona motsimikizika apite ku Liwonde. Ndi makilomita pafupifupi 240 kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Balaka, maola anayi kapena kuposerapo, ndipo pa M1 pali zipata zolipiritsa za Kalinyeke ndi Chingeni, ndiye sungani ndalama yapafupi. Pakiyi si yaikulu, ndi masikweya kilomita 548, ndipo moyo wake wonse uli pamtsinje wa Shire. M'chilimwe madambo akauma nyama zimasonkhana kumtsinjeko, moti ulendo wa paboti wa maola awiri umakuonetsani zambiri kuposa tsiku lathunthu la pagalimoto kwina. Bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa pakiyi mu 2015, ndipo linabweretsanso akakwiyo mu 2017 ndi mikango mu 2018. Zipembere ziliko, koma kuziona ndi mwayi. Zipata ndi ziwiri zodziwika: cha kummwera, kufupi ndi tauni ya Liwonde, chimene mumalowa ndi galimoto yanu, ndi cha mbali ya Ulongwe, komwe mumasiya galimoto n'kuwoloka Shire paboti. Funsani a malo amene mukagone kuti mulowere chiti, chifukwa kulakwitsa chipata kumadya ola lathunthu. Liwonde imafuna kugonako usiku umodzi, makamaka uwiri. Kupita n'kubwerera tsiku limodzi ndi kutaya mafuta.

Kasungu ili pafupi kuposa Liwonde: makilomita pafupifupi 130 kufika m'tauni, kenako ola lina kulowera kuzambwe kufika kupaki. Ndi yachiwiri kukula m'dziko muno, kuposedwa ndi Nyika yokha, ndipo kukula kumeneko ndiye ubwino ndi vuto lake. Nkhalango ya miombo ndi yothithikana, nyama zili patalipatali. Mu 2022 kunasamutsidwira njovu 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo mwayi woziona unakula. Njira yabwino ku Kasungu si kuzungulira tsiku lonse, koma kukhala phee padamu la Lifupa m'mamawa ndi madzulo. Mvuu zimakhala momwemo, ndipo njovu zimabwera kudzamwa. M'pakimo mulinso ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo, za amene amakonda mbiri. Ndi malo a munthu wofuna bata, wosadandaula akapanda kuona mkango.

Nkhotakota ndi nkhani ina, ndipo ndi kumene nyama, mbiri ndi chipembedzo zimakumana pamalo amodzi. Kudzera ku Salima ndi makilomita pafupifupi 200. Msewu wa M5 m'chigawo chimenechi ndi wopapatiza, uli ndi milatho yodutsa galimoto imodzi, ndipo m'dzinja madzi amatha kuudula, choncho funsani oyendetsa minibasi za momwe ulili musananyamuke. Nkhalangoyi ndi masikweya kilomita 1,800, yamapiri ndi zigwa, ndipo mtsinje wa Bua umadutsa pakati pake. Mu 2016 ndi 2017 kunabwera njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Komabe mitengo ndi yambiri, ndipo njovu ikhoza kukhala pafupi inu osaiona. Kukoma kwa Nkhotakota ndi kuyenda pansi m'mbali mwa Bua ndi mlonda wa mfuti, kuona mapazi, ndowe zatsopano, makungwa osendedwa, ng'ona zitagona pamchenga. Mumtsinje umenewu ndi momwe mpasa umakwera kuchokera kunyanja kukaswana.

M'tauni ya Nkhotakota muli mkuyu umene David Livingstone anakumana pansi pake ndi Jumbe, mkulu wa Chiswahili wogulitsa akapolo, mu 1863 kukamba zothetsa malonda a akapolo. Doko limeneli ndi pomwe anthu ogwidwa ankakwezedwa m'zombo kuwoloka nyanja ulendo wa ku Kilwa. Chisilamu chinazika mizu kuno m'nthawi ya ma Jumbe, ndipo m'tchalitchi cha Anglican cha All Saints muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895. Pezani munthu wa m'tauniyo wodziwa mbiri akuyendetseni. Si malo ongojambulapo chithunzi n'kudutsa.

Majete ku Chikwawa ili ndi njovu, njati, mkango, kambuku ndi chipembere, koma kuchokera ku Lilongwe ndi ulendo wa tsiku lathunthu kudzera ku Blantyre. Isungireni tchuthi chachitali, pamodzi ndi phiri la Mulanje limene linalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2025.

M'mapaki onsewa Amalawi amalipira mtengo wotsika kuposa alendo akunja, koma pachipata amafuna chiphaso cha unzika, choncho aliyense wamkulu anyamule chake. Zipata zimatsekedwa dzuwa likamalowa. Mukakumana ndi njovu pamsewu, imani patali, musaimbe hutala, ndipo musalowe pakati pa mayi ndi mwana wake. Ikatambasula makutu n'kupukusa mutu ikukuchenjezani, bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono.

Za kunyanja tingonena mwachidule. Paki ya Lake Malawi ku Cape Maclear inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna, ndipo kuli manda a amishoni a Livingstonia yoyamba ya 1875 ndi Mwala wa Mphini. Kudzera ku Golomoti ndi maola anayi. Ikhoza kulowa m'malo mwa Salima panjira yozungulira ija ngati muli ndi tsiku lachinayi. Mu June, July ndi August mwera umavundula nyanja, ndiye za boti muzipanga m'mamawa.

Opita kukapemphera ndi kukaona miyambo

Ulendo wa mapemphero suyezedwa ndi zimene mwaona ndi maso, ndipo pafupi pomwepa pali malo okwanira. Phiri la Bunda, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda kufupi ndi sukulu ya zaulimi ya Bunda, linali malo a nsembe za mvula a Achewa kalekale, ndipo lero Akhristu a mipingo yosiyanasiyana amakwerako kukapemphera ndi kusala kudya, ena mpaka kuchezera usiku. Kukwera kwake ndi ola limodzi kapena kucheperapo, koma ndi thanthwe loyera lopanda mthunzi. Nyamukani m'mamawa, munthu aliyense ndi malita awiri a madzi, nsapato za mphira osati zoterera. Amene akusala kudya asakwere masana a October, chifukwa chizungulire pathanthwe lotsetsereka n'choopsa. M'dzinja mitambo ikayamba kuda tsikani msanga: mwala wonyowa umaterera, ndipo pamwamba palibe pobisalira mphenzi. Mukapeza ena akupemphera, musawajambule, ndipo mapepala ndi mabotolo anu mutsike nawo.

Ku Nkhoma mumakhotera pa Kamphata, ndipo kuchokera mumzinda ndi ola limodzi. Amishoni a Dutch Reformed anayamba ku Mvera mu 1889, n'kudzakhazikitsa Nkhoma mu 1896, ndipo mpaka lero ndi likulu la sinodi ya Nkhoma ya CCAP. Buku Lopatulika limene ambiri tinakulira nalo linamasuliridwa motsogozedwa ndi William Murray wa mishoni imeneyi. Kwa gulu la chigwirizano kapena la achinyamata, Nkhoma imaposa Bunda chifukwa tsiku limodzi mumaona tchalitchi chakale, nyumba za njerwa za amishoni, n'kukweranso phiri. Kufika pansonga ndi maola awiri kapena atatu, ndipo chigawo chomaliza n'chokwawa ndi manja, chosayenera ana aang'ono.

Ku Msinja, m'mphepete mwa Dzalanyama, ndi kosiyana ndi konseku. Kumeneko ndi kukachisi wa Makewana, mayi wa mvula wa Achewa, kumene Tsang'oma ankaimba ng'oma ya Mbiriwiri kuitanira anthu kunsembe. M'mapiri omwewo ndi momwe muli Kaphirintiwa, pomwe mwambo umati anthu oyamba ndi nyama anatsikira n'kusiya mapazi pathanthwe. Kumalo otere simungofika ngati pamsika. Mumayamba mwaonekera kwa amfumu, kunena chimene mwadzera, kupereka kangachepe, ndipo eni ake ndi amene amakuuzani povula nsapato, pofika ndi posafika. Misewu ya ku Dzalanyama imafuna galimoto yokwera, ndipo m'dzinja ndi bwino kungodikira.

Mwambo wa Kulamba umachitika Loweruka lomaliza la August ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, pomwe mafumu a Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Wofuna kuona Gule Wamkulu wochuluka pamalo amodzi, tsiku lake ndi limenelo. Ndi makilomita oposa 200 kudzera ku Mchinji, Mwami ndi Chipata. Chovuta si mtunda koma chipata ndi malo ogona. Konzani pasipoti kapena chiphaso chodutsira pachipata nthawi ilipo. Ngati mukuwolotsa galimoto pamafunika bulubuku, inshuwalansi yogwira ntchito ku Zambia, ndi kalata ya mwini wake ngati si yanu. Ambiri amapeza kuti kukwera basi limodzi ndi gulu n'kosavuta. Nyamukani Lachisanu, chifukwa Loweruka m'mawa mzere wa pachipata umatalika. Amene sangathe kuwoloka malire ali ndi Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo m'boma la Ntcheu, umene umabwera chakumayambiriro kwa September.

Likoma, ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903, ndi ulendo wa sabata. Mumayendera ndondomeko ya sitima, ndipo sitima ikachedwa inunso mwachedwa. Osaupanikiza pakati pa masiku a ntchito.

Mwezi, mafuta ndi thanzi

Kuyambira May mpaka July ndi nthawi yokwera mapiri ndi yoona Chongoni: kunja kwayera, misewu yafumbi yauma, dzuwa silipweteka. Nyama zimaoneka bwino kuyambira August mpaka mvula yoyamba, udzu utapsa ndipo madzi atatsala m'mitsinje ikuluikulu yokha, ngakhale kuti October ku Liwonde ndi ng'anjo. Kuyambira January mpaka March sankhani malo a pa tala: Mua, Nkhoma, Senga Bay.

Mafuta muwerengere chonchi: tengani makilomita a ulendo wonse, onjezani gawo limodzi mwa magawo asanu chifukwa cha kusochera ndi kuzungulira m'paki, n'kugawa ndi makilomita amene galimoto yanu imayenda pa lita. Galimoto yoyenda makilomita 11 pa lita imafuna malita pafupifupi 35 panjira ya Dedza, Mua ndi Salima, ndi malita oposa 50 pa ulendo wa ku Liwonde. Dzazani thanki mu Lilongwe, ndipo mukapeza mafuta panjira onjezerani thanki ikangofika theka. M'mapaki mulibe pothira. Yang'anani mpweya wa tayala lapadera, jeke ndi sipanala musanachoke, chifukwa minga ndi miyala ya m'nkhalango imaboola matayala otha. Nyamulaninso ndalama ya m'manja: Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza, koma m'zigwa za Bua ndi ku Dzalanyama netiweki imasowa.

Ku Nkhotakota, Kasungu ndi Liwonde kuli kashembe. Amakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu komanso galimoto yoyenda, ndiye valani zotuwa za manja aatali ndipo tsekani mawindo podutsa m'nkhalango yowirira. Gonani m'neti kulikonse kunyanja ndi ku Shire, chifukwa kumeneko udzudzu ndi wambiri kuposa mu Lilongwe. Amene asambira m'nyanja, makamaka pamadzi odekha a m'mabango pomwe pamakhala nkhono, akayezetse likodzo pakatha miyezi iwiri ngakhale asakumva kalikonse, popeza mankhwala ake sagwira bwino tizilombo tisanakhwime. Ndipo thupi likatentha patatha masiku kapena masabata mutabwerako, pitani kuchipatala msanga ndipo muwauze adokotala dzina la nkhalango imene munapita. Kaodzera amayamba ngati malungo, ndipo sangamuyeze ngati simunanene kuti kashembe anakulumani.